Duwa la kutchire la ku England landikumbutsa kombe wathu yemwe tamuiwala

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzi yathuyi ndikambeko nkhani yomwe ena aiona ngati yamasewera, sinanga masiku ano aliyense pakamwa pali mtengo wa chimanga, feteleza ndi mafuta basi. Ine ndikufuna ndikambe za maluwa omera okha kutchire. Musaiponye pambali kalatayi musanafike pansi chifukwa mkatimu mulinso nkhani ya moyo wa ana athu.

Mwana wanga wamkazi ali ku England, amagwira ntchito yosamalira okalamba, nde mwezi wa February wapitawu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp chomwe chinanditengera tsiku lonse kuti chitseguke poti netiweki kuno kwathu mukuidziwa kale. Pansi pake analemba kuti "Ababa taonani duwa ili, lamera lokha m'thengo kunja kukuzizira chonchi mitengo yonse ilibe masamba." Nditachikulitsa pa foni ndinayamba ndaganiza kuti mwanayu wajambula masamba chabe chifukwa duwalo ndi lobiriwira, timaluwa tambirimbiri tozyolika ngati timabelu, m'mphepete mwa kukamwa kwake muli kamzere kofiirira ngati wina wadutsitsapo bolopeni, masamba ake akuda bii ogawikana ngati zala, pang'ono afanane ndi a chinangwa koma owonda. Akuti dzina lake ndi hellebore. Mnzake wa kuntchito yemwe anapita naye kokayenda anamuletsa kuligwiragwira ndi manja, anati ndi lachiphe lonse kuyambira muzu mpaka njere, komanso anamuuza kuti kumeneko lamulo la 1981 limaletsa kuzula chomera cha kutchire popanda chilolezo cha mwini malo.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka zoposa 30, nde chinthu chikandigwira mtima sindigona mpaka ndichifufuze. Ndinagula bando ndikuwerenga. Ma hellebore alipo mitundu pafupifupi 20, kwawo ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, ochuluka ali cha ku Balkans, kuno ku Africa kwathu kotentha kulibe ndipo olo mutabweretsa ku Ngabu kuno sangathe sabata. Ku Britain omera okha ndi awiri, Helleborus foetidus yemwe mwana wanga anajambulayo, masamba ake ukawafikisa amanunkha, ndi Helleborus viridis, onse amakonda nthaka ya miyala ya laimu m'mphepete mwa nkhalango. Wina woyera, Helleborus niger, amamera kumapiri a Alps ndipo amachita maluwa nthawi ya Khirisimasi kunja kuli chisanu choopsa. Njere zake zimakhala ndi kachinthu kamafuta kumapeto, nyerere zimazinyamula kupita nazo kuuna kwawo, zikadya kamafutako njere ija nkuitaya, basi duwa lamera pamalo pena. Kale azungu amawamwetsa ana kuti aphe njoka za m'mimba ndipo ana ena amafera momwemo. Koma pomwe ndinaima nkuika foni pansi ndi pomwe ndinawerenga kuti mwa ziphe zake muli china chomwe chimagwira mtima, kuuchedwetsa kagundidwe mpaka kuuimitsa.

Pamenepo nde ndinawakumbukira atsibweni anga ndi kombe wawo.

A Mkonzi, kaya inu mumamudziwa kombe? Ndi mtengo woyanga, umakwera mitengo inzake m'nkhalango zowirira za kuchigwa kuno, umachita maluwa chakumapeto kwa chilimwe cha mu October ndi November dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe. Duwa lake ukaliona kamodzi sungaliiwale, ndi loyera mopita kuchikasu, mkati muli timadontho tofiira, nde nsonga iliyonse mwa zisanu zija imatalika nkulendewera ngati ulusi wopota, mphepo ikawomba timaulusito timagwedezeka. Zipatso zake zimabala ziwiriziwiri, china kuloza uku china uku ngati nyanga za ng'ombe, zikauma zimang'ambika nkutulutsa njere zomwe iliyonse ili ndi kamtengo kowonda ndi ubweya woyera kunsonga, zimauluka ndi mphepo ngati thonje. Ife tili ana tinkazithamangitsa kuti tizigwire m'mwamba, tsiku lina atsibweni atandipeza nazo m'manja sanandimenye ayi, anandigwira padzanja nkupita nane pachitsime, anandisambitsa manja okha ndi phulusa katatu konse osayankhula, kenako nde anandikhazika pansi kuseri kwa nyumba nkutsitsa patsindwi mtolo wokulunga m'chikopa. Munali mivi isanu ndi umodzi. Kumunsi kwa chitsulo chilichonse kunali phala lakuda louma gwa. Anati mphwanga uwu ndi ulembe, wachokera mu njere zomwe umaseweretsazo, timazisinja nkusakaniza ndi utomoni, njati ikalasidwa ndi uwu siipita patali, nyama timadya koma pozungulira bala timadula nkutaya. Nthawi imeneyo anali atasiya kale ulenje, Lengwe inali itakhala kale paki kuyambira 1970, koma miviyo anaisunga mpaka imfa yawo ndipo mwana aliyense wa pamudzi pathu anakula akudziwa kuti chingwe chija sachiseweretsa, nkhuni zake sawotchera nyama, mbuzi sazimangirira pafupi.

Chomwe atsibweni sankadziwa, inenso ndachidziwa ndili wamkulu kale, nchakuti kombe yemweyu anapita kutali. David Livingstone atalowa mu Shire mu 1859 anali ndi dokotala wa ku Scotland dzina lake John Kirk amenenso anali katswiri wa zomera, ndipo ankaima pamudzi wa Chibisa kufupi ndi boma la Chikwawa lomweli. Kirk anaona Amang'anja akusaka ndi mivi ya ulembe, anafufuza mpaka anadziwa mtengo wake nkutenga njere. Livingstone analemba yekha kuti tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi womwe unali m'thumba limodzi ndi ulembe uja, anamva kuwawa mkamwa nkumaganiza kuti ndi kwinini, koma poti anali ndi chimfine mtima ukugunda mothamanga, anadabwa kuona kuti kugundako kwatsika. Zinayambira pamenepo. Njere zinapita ku Britain, mu 1871 mtengowo anaupatsa dzina la sayansi loti Strophanthus kombe, mwaliona dzina lathulo lili momwemo mpaka lero, ndipo pofika 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anali atatulutsamo mankhwala otchedwa strophanthin nkuwauza madokotala anzake kuti amathandiza mtima wofooka. Kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kugulitsa mankhwalawo m'mabotolo, njere za kombe zinakhala malonda a dziko lino nthawi ya atsamunda, makolo athu amathyola m'tchire nkukagulitsa, katundu amatsika ndi sitima za pamadzi kudutsa Chiromo ndi Port Herald yomwe lero ndi Nsanje mpaka ku Chinde kunyanja. Ku Germany madokotala anabaya anthu odwala mtima jakisoni wa strophanthin kwa zaka zambirimbiri.

Nde tandiuzani, nzeru yoti njere iyi imagwira mtima anayamba kuidziwa ndani? Si alenje a kuchigwa kuno? Koma ine zaka zonse zija ndagwira choko, ndajambulitsa ana duwa la chitowe ndi la nyemba pabolodi mpaka kutopa, sindinapezepo kombe m'buku lililonse lomwe ndinapatsidwa kuti ndiphunzitsire, ndipo ndivomere kuti nanenso sindinawatengepo ana kupita nawo kutchire kukawaonetsa, zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Sabata yatha ndinafunsa anyamata asanu ndi atatu a kabaza pa siteji, ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha, kuti kombe nchiyani. Mmodzi anati ndi ukonde wophera nsomba, zomwe nzoona kumbali ina poti dzinalo limagwiranso kumeneko, ena onse anangoti kaya aphunzitsi. Mwana wanga ku England anauzidwa dzina la duwa, kuopsa kwake ndi lamulo lake ndi mzimayi wamba wogwira naye ntchito, pomwe kuno mwana wobadwira pomwe kombe anachokera sakumudziwa olo dzina.

Wina anena kuti nanga tikamuiwala kombe tataya chani, mivi tinasiya. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga chaka cha njala cha 2002.

Kuli duwa lina lomwe nonse munalionapo nthawi ya dzinja m'mphepete mwa minda ndi m'misewu, lofiira ndi chikasu, masamba a duwalo opindikira m'mwamba ngati malawi a moto, limayanga pa udzu ndi tizitsamba pogwira ndi nsonga za masamba ake zopotana. A sayansi amati Gloriosa superba, ku Zimbabwe ndi duwa la fuko lawo ndipo ndi lotetezedwa ndi lamulo. Pansi pake pali muzu wonenepa woyera wopindika ngati chibwano, ukauona msanga ungati ndi kachilazi kapena kambatata. February wa chaka chimenecho anthu amakumba chilichonse, mpama, nyika, mizu ya nthochi, nde mtsikana wina wa mu Sitandade 5 m'kalasi mwanga anapita ndi mng'ono wake kukakumba, anapeza mizu imeneyi nkuotcha, iye anadya wochuluka poti wamng'onoyo anati ukuwawa nkulavula. Madzulo anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, amayi ake anaganiza kuti ndi kolera poti chaka chimenecho inaliko, mwamwayi wamng'ono uja anaulula nkukawaonetsa pomwe anakumba. Tinamunyamula pa njinga usiku, ine kupalasa bambo ake kuthamanga pambali atamugwira kuti asagwe, muzu wotsala uli m'thumba la malaya anga. Anakhala kuchipatala masabata awiri, anachira inde koma atabwera kusukulu tsitsi lonse linali litathothoka, mutu uli mbee, amabwera atamanga duku anzake nkumamuseka, ndinachita kuwakhazika pansi kalasi yonse. Chiphe cha muzu umenewu dzina lake colchicine, sichichoka olo uwiritse kapena kuotcha, ndipo choopsa nchakuti munthu amatha maola angapo ali bwinobwino asanayambe kudwala nde anthu amachedwa. Mwana uja akanakhala kuti wina anamulozerapo duwa lija kamodzi kokha nkumuuza kuti ili usadzakumbe, zonsezi sizikanachitika. Ndipo colchicine yemweyo ndi mankhwala a nyamakazi ya gout m'zipatala, ku India alimi amachita kulima duwali m'minda nkumagulitsa njere, ife kuno timangolisadzula ndi khasu.

Apa ndichenjezeretu, chifukwa ndikudziwa kuti ena awerenga kalatayi nkuthamangira kutchire kuti akapeze mankhwala a BP aulere. Chonde abale anga musayerekeze. Kombe ndi chiphe chophera njati, pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha ndi pafupi kwambiri moti ngakhale madokotala omwe anali ndi masikelo amachita nako mantha, ndipo lero kuli mankhwala ena abwino kuchipatala. Anthu ogulitsa mizu m'mabasi ndi m'misika aja akamati ichi chimatsuka mtima ichi chimatsitsa shuga, afunseni kuti ndi mtengo wanji, ambiri sayankha. Ndipo mwana akadya chomera chosadziwika osadikira kuti tione kaye mmene kuchere, thamangani naye kuchipatala mutatenga chomeracho, muzu, tsamba, duwa, chilichonse chomwe chatsala.

Chinanso chomwe chikundidetsa nkhawa nchakuti zomerazi zikutha tisanazilembe nkomwe. Kombe sayima yekha, amafuna mtengo woti akwere ndi mthunzi wa nkhalango, nde mitengo ya tsanya yapita ndi makala, matumba ali ndandanda mumsewu kuyambira ku Thabwa kukwera mapiri kupita ku Blantyre, nkhalango za m'mphepete mwa timitsinje tinazisandutsa minda ya thonje ndi mapira mpaka m'madzi mwenimweni, chilimwe chilichonse moto wosakira mbewa umadutsa paliponse. Sindikunyoza wootcha makala ayi, ndikudziwa kuti kunyumba kwake kuli ana ofuna kudya. Koma madzi a 2015, kenako namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, anabwera nkupeza magombe ali mbee, pomwe panali nkhalango ya atsibweni ija lero pali mchenga wofika m'chiuno, olo chitsa simungachione. Kudambo nakonso namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, waphimba malo ambiri omwe amayi athu ankazulako nyika, ndipo nyika imeneyo ndi yomwe yapulumutsa anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa pa njala iliyonse, duwa lake loyandama pamadzi lija ndi lokongolanso kuposa ambiri omwe anthu amagula m'miphika m'tauni. Elephant Marsh inalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017 koma mukafunsa mwana wa sukulu ku Makhanga kapena ku Bangula kuti mudambomo mumamera zomera zingati zomwe angazitchule mayina, sadutsa zisanu.

Palinso kamtengo kena ka thunthu lonenepa ngati kamlambe kakang'ono, kamamera m'malo ouma a miyala, kamayoyola masamba onse nkuchita maluwa oyera a m'mphepete mofiira ngati nyenyezi mu June ndi July tchire lonse litauma. Kameneko nde ndimati hellebore wathu, poti nakonso kamasankha nthawi yomwe anzake onse agona, nakonso utomoni wake ndi chiphe, ndi pachibale ndi kombe, a sayansi amati Adenium. Masiku ano anthu akukazula nkumakagulitsa kwa okongoletsa mapoloti. Palibe amawafunsa.

Malo omwe ndaonako nkhalango yeniyeni ya kuchigwa itaima mmene inalili kale, kupatula mu Lengwe, Majete ndi Mwabvi momwe muli alonda, ndi ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje. Kumeneko kulibe waya olo mfuti, anthu sadulako mtengo chifukwa anauzidwa kuyambira ali ana kuti kuno sadula, ndipo amene anawauza ndi agogo awo. Nchifukwa chake ine ndikukhulupirira kuti kuwauza ana kumagwira ntchito, bola owauzawo akhalepo ndipo adziwe chomwe akunena. Vuto nlakuti odziwawo akutha, m'mudzi mwathu muno atsala agogo awiri okha omwe ungawatengere tsamba lililonse nkukuuza dzina lake m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ntchito yake ndi kuopsa kwake, mmodzi maso ayamba kale kuchita khungu.

Nde pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili, tipatseni kakona kakang'ono mu nyuzi ino, olo kamodzi pa mwezi, muziikapo chithunzi cha chomera chimodzi cha kutchire, dzina lake m'zinenero zathu, komwe chimamera, ngati chimadyedwa kapena ndi chiphe. Owerenga tizitumiza zithunzi ndi mayina tokha pa foni, anthu a ku Nsanje anena dzina lawo a ku Mzimba anena lawo, tizikonzana pomwepo. Ku Zomba kuli a National Herbarium and Botanic Gardens omwe ntchito yawo ndi yomweyi yosunga ndi kuzindikira zomera za dziko lino, mukhoza kumawaonetsa chithunzi chisanatuluke kuti tisasokoneze anthu, poti pa nkhani ya chiphe kulakwitsa dzina ndi maliro. Ndikanakondanso akatswiri amenewo atatsikira kuchigwa kuno ndi kope nkudzakhala pamkeka ndi agogo ndanena aja nthawi ikadalipo. Aphunzitsi anzanga omwe mukadali pantchito, chonde musachite zomwe ndinachita ine, piriyodi imodzi yokha pa teremu atulutseni ana m'kalasi, itanani gogo wa m'mudzi atsogole, mwana aone ndi maso ake kuti ili ndi lija lothothola tsitsi, ichi ndi chija chophera njati, awa ndi masawu ndi bwemba idyani mmene mungathere. Sizifuna ndalama ya boma zimenezi.

Ine ndayambapo pang'ono. Nditalandira chithunzi chija ndinayenda masiku atatu ndi mdzukulu wanga wa zaka 11 kufunafuna kombe m'makhwawa a kumtunda kwa mudzi wathu, tsiku lachitatu tinamupeza mmodzi yekha atayanga pa mtengo wa bwemba womwe anthu anausiya chifukwa cha zipatso, makoko a chaka chatha akadali lende ngati nyanga. Ndinakakamba ndi mwini munda ndi a mfumu, agwirizana nazo kuti bwembayo asadulidwe ndipo tilambula mozungulira moto usanayambe. Mdzukulu wangayo nde amene anajambula chithunzi nkutumizira azakhali ake ku England, iwo anakaonetsa mnzawo uja, akuti anadabwa kumva kuti mankhwala a mtima anachokerapo kumudzi kwa mnzake. Maluwa ake atuluka cha mu October, mukafuna tumizani mtolankhani wanu ndi kamera adzatsikire pa Ngabu ndidzamulandira ndekha pa siteji, koma abwere m'mamawa chifukwa ikangokwana 10 koloko kuno sikuyendeka.

Ndine wanu wowerenga nyuzi ino,
Mphunzitsi wopuma,
Ngabu, Chikwawa